Uphungu kwa odwala matenda amgonagona: zimene mawu omveka kuchipatalawa akutanthauza

Si zachilendo masiku ano kuti mayi amene wapita kukayezetsa shuga ku Chipata, kapena bambo amene wapita kukatenga ma ARV ku Katete, ku Chadiza kapena ku Lundazi, amve namwino akumuuza kuti, "Musanabwerere kunyumba muyambe mwaonana ndi aphungu." Ambiri amavomera mwaulemu koma mumtima ali ndi mafunso, ndipo mafunsowo kawirikawiri amakhala awiri: kodi anthuwa akundiyesa wamisala, kapena aona kuti masiku anga atsala ochepa ndiye akufuna kundikonzekeretsa? Mantha amenewa ali ndi pochokera, pakuti pawailesi ndi m'zipatala mukumveka mawu angapo, monga thanzi la maganizo, uphungu ndi palliative care, amene amanenedwa mosakaniza ngati kuti ndi chinthu chimodzi, chonsecho liwu lililonse lili ndi tanthauzo lake, mbiri yake ndi malire ake.

Matenda amene amamanga nyumba pakhomo

Matenda amgonagona ndi amene munthu amakhala nawo miyezi yambiri, zaka, mwinanso moyo wake wonse, ndipo mankhwala amangowachepetsa mphamvu osawachotseratu. M'gulu limeneli muli HIV, shuga, kuthamanga kwa magazi, khansa, khunyu, matenda a magazi a sickle cell, matenda a impso ofuna kuti magazi azisefedwa ndi makina kawiri kapena katatu pa sabata, komanso kufa kwa ziwalo kumene kumatsala munthu akachita sitiroko. TB imachira, koma miyezi 6 yakumwa mankhwala tsiku ndi tsiku imamulawitsa munthu moyo wofananawo.

Kupatula khate, khunyu ndi matenda ena ochepa, makolo athu ankadziwa kwambiri matenda a mitundu iwiri, ochira ndi opha. Zinthu zinasintha chifukwa cha kupambana kwa mankhwala. Insulin inaperekedwa koyamba kwa wodwala shuga mu 1922 ku Toronto, ndipo kuno ku Zambia ma ARV anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma mu 2005, kotero kuti anthu amene kale tikanawalira pasanathe chaka lero akulima, akukwatitsa ana ndi kuona adzukulu. Koma kupambanako kunabweretsa munthu amene mwambo wathu sunamukonzekere mokwanira, amene sanachire komanso sanamwalire.

Malungo ali ngati mlendo wogona usiku umodzi, amene timamuphera nkhuku m'mawa n'kumuperekeza. Matenda amgonagona ali ngati mlendo amene wapempha malo, waumba njerwa, wamanga nyumba yake pakhomo panu. Mwambo wozonda odwala ndi wamphamvu pa mlendo woyambayo: sabata yoyamba nyumba imadzaza, amayi a Chigwirizano kapena a Dorika amafika ndi nyimbo ndi ufa, alamu ndi amalume amasinthana kugona kuchipatala. Pofika mwezi wachinayi mvula yagwa, anthu ali kumunda, ndipo wodwala amatsala pamphasa akumvetsera mapazi a anthu odutsa. Palibe woipa mtima pamenepa, koma kungoti mphamvu za anthu zili ndi polekezera pamene matendawo alibe.

Palinso katundu wa ulendo ndi ndalama. Chipatala chachikulu cha khansa, Cancer Diseases Hospital, chinatsegulidwa mu 2007 ku Lusaka, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Chipata. Mayi wa ku Vubwi amene wapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero, imene ikugwira amayi ambiri m'dziko muno kuposa khansa ina iliyonse, amayenera kuwoloka Luangwa n'kukakhala masabata angapo kutali ndi ana ake, pamene kumudzi agulitsa mtedza wa mbewu kapena ng'ombe yokoka ngolo kuti apeze ndalama ya basi. Maganizo a munthu wotere sangakhale m'malo ngakhale atakhala wolimba chotani.

Chisoni ndi matenda ovutika maganizo

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ngakhale ena ogwira ntchito m'zipatala. Munthu amene wauzidwa kuti ali ndi matenda osachira ayenera kumva chisoni, mantha ndi mkwiyo, ndipo zimenezi si matenda. Mu 1969 dokotala wina wobadwira ku Switzerland amene ankagwira ntchito ku Chicago, Elisabeth Kübler-Ross, atacheza ndi odwala ambiri amene anali pafupi kumwalira, analemba kuti munthu amadutsa m'magawo asanu, omwe ndi kukana, kukwiya, kuchonderera, kugwa mphwayi ndi kuvomereza. Ntchito yakeyo inathandiza madokotala kuyamba kumvetsera odwala, koma ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti magawowa sali ngati makwerero amene aliyense amakwera motsatana. Wina amavomereza Lolemba n'kukwiyanso Lachisanu, wina sakwiya n'komwe, ndipo palibe amene akulakwitsa.

Matenda ovutika maganizo, amene madokotala amati depression, ndi chinthu china. Chisoni chili ngati mvula yamabingu imene imagwa mwamphamvu koma n'kukata, dzuwa n'kuwalanso madzulo. Matenda ovutika maganizo ali ngati mvumbi, wosakata usana ndi usiku, mpaka nkhuni zonse zanyowa ndipo moto ukukana kuyaka. Madokotala amawaganizira matendawa ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku lililonse, munthu ali wokhumudwa kapena wasiya kusangalala ndi zonse zimene ankazikonda, ndipo pamwamba pake tulo tasokonekera, chakudya sichikulowa, mphamvu palibe, mutu sukugwira zinthu, akudziona wopanda pake, kapena akulakalaka imfa. M'zipatala zambiri padziko amagwiritsa ntchito pepala la mafunso 9 lotchedwa PHQ-9 pofufuza zizindikiro zimenezi.

Chovuta n'chakuti wodwala khansa kapena impso amakhala wotopa kale, ndipo chakudya chimamukanika kale chifukwa cha matendawo. N'chifukwa chake wodziwa ntchito sayang'ana kwambiri kutopa, koma amayang'ana ngati chimwemwe chidakalipo. Ambuya ofooka kwambiri amene nkhope yawo imawalabe mdzukulu akakhala pamphasa pawo ali ndi chisoni cha matenda. Ambuya amene amatembenukira kukhoma mdzukuluyo akalowa, n'kumati "mundisiye, ndikungokuonongerani ufa," akufunika kuonedwa ndi achipatala.

Chinanso n'chakuti kwathu kuno munthu safika kuchipatala n'kunena kuti wavutika maganizo. Amati mtima ukuwawa, mutu ukutentha, thupi lonse laphwanya, tulo sitikubwera, BP yakwera, kapena amangoti "ndikuganiza kwambiri." Namwino amene ali ndi mzere wautali panja amalemba panado, ndipo munthuyo amabweranso mwezi wamawa ndi dandaulo lomwelo. Nthawi zinanso gwero limakhala m'thupi momwemo kapena m'mankhwala. Kuchepa kwa magazi ndi kufooka kwa chithokomiro kumafanana ndi kuvutika maganizo. Efavirenz, amene anali m'gulu la ma ARV akale asanalowedwe m'malo ndi dolutegravir, ankabweretsa maloto oopsa ndi chizungulire kwa anthu ena. Cycloserine, amene amaperekedwa pa TB yosamva mankhwala, komanso prednisolone, amatha kusokoneza maganizo. Choncho munthu asanatumizidwe kukacheza ndi phungu, thupi lake liyenera kuyezedwa bwino.

Nkhaniyi siithera pa chifundo chokha, chifukwa imakhudza kuchira kwenikweni. Anthu odwala shuga amagwidwa ndi matenda ovutika maganizo pafupifupi kawiri kuposa amene alibe shuga, ndipo mwa anthu atatu amene achita sitiroko, mmodzi amagwidwa nawo. Kafukufuku wofalitsidwa ku America mu 2000, amene anasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku ena, anapeza kuti wodwala wovutika maganizo ali pachiopsezo chachikulu katatu chosatsatira malangizo a mankhwala. Munthu amene kukiliniki amamulemba kuti wathawa mankhwala, nthawi zina sanathawe chifukwa cha mwano, koma anangosiya kuona chifukwa chokhalira ndi moyo. Ndipo wodwala akayamba kunena zodzipha, asamudzudzule kapena kumuseka, koma apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Palinso nambala zaulere za Lifeline Childline Zambia, 933 ya akuluakulu ndi 116 ya ana.

Uphungu si malangizo

Achewa, Angoni, Ansenga ndi Atumbuka onse ali ndi mwambo wakale wolangiza. Anamkungwi amalangiza namwali, ankhoswe amalangiza banja, amalume amalangiza mphwawo. Pamalangizo wamkulu ndiye amalankhula, wamng'ono amawerama n'kumamvetsera, chifukwa wamkuluyo anaidutsa kale njirayo. Pauphungu wa kuchipatala zinthu zimatembenuka: wodwala ndiye amalankhula kwambiri, phungu amamvetsera ndi kufunsa mafunso, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Maganizo amenewa anawakhazikitsa kwambiri Carl Rogers wa ku America m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, amene anaphunzitsa kuti munthu amayamba kusintha akapeza womumvetsera mosamuweruza.

Kuno ku Zambia uphungu unalowa pamodzi ndi Edzi. Mu 1987 Kenneth Kaunda anauza dziko poyera kuti mwana wake anamwalira ndi matendawa, panthawi imene ngakhale kutchula dzina lake kunali kovuta. Bungwe la Kara Counselling linayamba ku Lusaka mu 1989, ndipo mu 1990 Winstone Zulu anakhala Mzambia woyamba kuulula poyera kuti ali ndi HIV. Mu 1996 anthu amene ali ndi kachilomboka anapanga bungwe lawo la NZP+, limene linafalitsa magulu olimbikitsana m'maboma. Mbiri imeneyi ndi yonyaditsa, koma inasiya chipsera pa liwu la uphungu, moti mpaka lero bambo wodwala shuga akauzidwa kuti alowe m'chipinda cha aphungu amayamba wayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati pali womudziwa.

Njira za uphungu zilipo zingapo, ndipo zimene zafufuzidwa kwambiri n'zosavuta kuzimvetsa. Yoyamba ndi CBT, njira yothandiza munthu kuyesa ndi kusintha ziganizo ndi zochita zake, imene Aaron Beck anaiyambitsa ku Philadelphia m'zaka za m'ma 1960 atazindikira kuti anthu ovutika maganizo amakhala ndi ziganizo zina zimene zimabwerabwera m'mutu mwawo, ndipo amazikhulupirira popanda kuziyesa. Tiyerekeze bambo amene wafa mbali imodzi ndipo amangoti wasanduka katundu. Phungu samuuza kuti "ayi, musatero," monga tonse timachitira. Amamufunsa modekha kuti, "Atate, mukati katundu, ndani wakuuzani mawu amenewo? Nanga sabata yatha ana anu atakangana za malire a munda, anapita kwa yani?" Bamboyo amayamba kuona yekha kuti mwendo wafa koma nzeru zake banja likuzidalirabe. Njira yomweyi imamubwezeranso munthu pang'onopang'ono ku ntchito zazing'ono zimene angathe, monga kusenda mtedza, kukhala panja m'mawa, kapena kupita kutchalitchi pa njinga ya mdzukulu, chifukwa kugona m'nyumba tsiku lonse kumadyetsa mvumbi uja.

Yachiwiri ndi yothetsa mavuto limodzilimodzi. Mayi amene wamanga mtolo wa nkhuni wosanyamulika samafuna munthu womuuza kuti alimbe khosi. Amafuna womuthandiza kutula, kumasula luzi, kusankha nkhuni zonyamula lero ndi zodzatenga mawa. Wodwala amatchula zonse zimene zikumusowetsa tulo, monga ndalama ya basi, yunifomu ya mwana, feteleza, ndi mwamuna amene sanauzidwebe za matendawo, kenako amasankha chimodzi, n'kupangana ndi phungu chimene achite sabata imeneyo. Yachitatu ndi ya m'magulu, imene imayang'ana maliro, mikangano, kusungulumwa ndi kusintha kwa udindo wa munthu pabanja. Inayesedwa m'midzi ya ku Uganda ndipo zotsatira zake zabwino zinafalitsidwa mu 2003. Bungwe la StrongMinds lakhala likuigwiritsa ntchito ku Zambia kuyambira 2019.

Malire akenso ayenera kunenedwa poyera. Uphungu suchepetsa chotupa, sutsitsa shuga paokha, ndipo sulowa m'malo mwa ma ARV. Palibe umboni wotsimikizika wakuti kuganiza zabwino kumachiritsa khansa, choncho wodwala amene matenda ake akukula asaimbidwe mlandu wakuti sanalimbe mtima mokwanira. Mawu akuti "limbani mtima" ndi abwino, koma akanenedwa msanga amatseka pakamwa pa munthu amene amafuna kulira.

Nanga mankhwala a maganizo? Pa matenda ovutika maganizo amene akula, dokotala amatha kupereka amitriptyline kapena fluoxetine. Mankhwalawa sagwira tsiku lomwelo ngati panado, amatenga masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi, ndipo sayenera kusiyidwa mwadzidzidzi munthu akangomva bwino. Woperekayo ayenera kudziwa mankhwala ena onse amene wodwala akumwa, makamaka ngati ali ndi vuto la mtima kapena la impso.

Ndani amagwira ntchitoyi

Kwa zaka zambiri chisamaliro cha maganizo m'dziko muno chinkatanthauza malo amodzi, chipatala cha Chainama Hills ku Lusaka, chimene chinatsegulidwa mu 1962, ndipo dzina lake linasanduka chitonzo pakamwa pa anthu. Lamulo limene linkagwira ntchito linali la atsamunda la mu 1949, lokhala ndi mawu onyoza odwala, lomwe cholinga chake chachikulu chinali kutsekera. Linachotsedwa ndi lamulo latsopano la thanzi la maganizo la mu 2019, limene likunena za ufulu ndi ulemu wa wodwala komanso zoti chisamaliro chifike pafupi ndi kumene anthu amakhala. Koma lamulo silibala antchito. Madokotala a maganizo ndi ochepa kwambiri ndipo ambiri ali ku Lusaka, pamene chigawo cha Kum'mawa chokha chinali ndi anthu oposa 2.4 miliyoni pa kalembera wa mu 2022. Amene wodwala wa ku Mambwe kapena ku Petauke angakumane nawo ndi makiliniko ofesa, anamwino, ndi aphungu ophunzitsidwa kwa masabata ochepa.

Funso lakuti ngati munthu wamba angagwire ntchitoyi linayankhidwa bwino ndi anansi athu a ku Zimbabwe. Mu 2006 dokotala wa maganizo Dixon Chibanda anayamba kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare, mu Harare, njira ija yomasula mtolo, ndipo ankakhala ndi anthu pa benchi panja pa kiliniki. Sanagwiritse ntchito mawu a m'mabuku koma liwu la Chishona lakuti kufungisisa, lomwe ndi kuganiza kwambiri komwe timanena ife. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016, wa anthu 573, anapeza kuti patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi anthu pafupifupi 14 pa 100 aliwonse ndiwo anali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo, pamene mwa amene analandira chisamaliro cha masiku onse anali pafupifupi 50 pa 100. Mwa anthuwo, pafupifupi 42 pa 100 aliwonse anali ndi HIV. Chimene chimaiwalika pofotokoza nkhaniyi n'chakuti agogowo anali ndi owayang'anira, ndipo anali ndi kotumiza munthu amene vuto lake lawapitirira.

Palliative care

Liwu limeneli lilibe mnzake mmodzi m'Chichewa, ndipo ndi limene limaopsa kwambiri. Tanthauzo lake ndi chisamaliro chochepetsa ululu ndi mavuto onse a munthu wodwala matenda aakulu, pamodzi ndi banja lake. Anachiyambitsa m'njira yamakono ndi Cicely Saunders, amene anayamba ngati namwino, kenako wothandiza mabanja a odwala, pomaliza dokotala, ndipo mu 1967 anatsegula St Christopher's Hospice, nyumba yosamalira odwala amene ali pafupi kumwalira, ku London. Iye anaphunzitsa kuti ululu wa wodwala suli m'thupi mokha, koma ulinso m'maganizo, m'nkhawa za banja ndi chuma, ndi mumzimu, ndipo mbali zinayi zimenezi zimakokana. Munthu amene akuopa kuti ana ake adzalandidwa munda amamva chotupa chikuwawa kwambiri usiku, ndipo munthu amene ululu ukumusowetsa tulo sangapindule ndi uphungu uliwonse kufikira ululuwo utachepa.

Ku Africa ntchitoyi inayambira ku Harare ndi Island Hospice mu 1979. Mu 1987 chipatala cha Chikankata cha Salvation Army, ku chigawo cha Kum'mwera, chinayamba kuyendera odwala Edzi m'makomo mwawo, njira imene mipingo ndi maiko ena anaitengera. Mu 1993 Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda ndi kufalitsa morphine wamadzi wotsika mtengo, amene wodwala angamwe ali kunyumba. Mu 2014 msonkhano waukulu wa World Health Organization unagwirizana kuti chisamalirochi chikhale mbali ya ntchito za umoyo m'dziko lililonse.

Ambiri amaganiza kuti chisamalirochi chimayamba madokotala akataya chiyembekezo. Chifaniziro cholondola ndi ngolo yokokedwa ndi ng'ombe ziwiri, ina ya mankhwala olimbana ndi matenda, ina yochepetsa ululu ndi nkhawa. Zimayamba ulendo pamodzi, ndipo ngati matenda akula, yachiwiriyo ndiyo imakoka kwambiri. Mu 2010 madokotala a ku Boston anafalitsa zotsatira za odwala 151 a khansa ya m'mapapo yofalikira. Amene anayamba kulandira chisamalirochi atangopezeka ndi matendawo anavutika maganizo pang'ono poyerekeza ndi anzawo, ndipo mwapakatikati anakhala ndi moyo miyezi 11.6 pamene enawo anakhala miyezi 8.9. Kunena za morphine, mabanja ambiri amamuopa poganiza kuti ndi jakisoni wotsiriza, koma akaperekedwa pamlingo woyenera ndi wodziwa ntchito, amangochotsa ululu kuti munthu adye, agone ndi kulankhula ndi ana ake.

Odwazika matenda

Pambali pa wodwala aliyense pali munthu wina amene palibe amamufunsa kuti wagona bwanji. Kawirikawiri ndi mkazi: mayi wa pakhomo, mlongo, kapena mtsikana amene wasiya sukulu kuti azitunga madzi, kuchapa ndi kutembenuza wodwala usiku. Odwazika amatopa, amakwiya, nthawi zina amalakalaka mumtima kuti zithe, kenako amadziimba mlandu woopsa chifukwa cha ganizo limenelo, osadziwa kuti limafikira anthu ambiri achikondi. Phungu wabwino amamuitana wodwazikayo payekha, ndipo amathandiza banja kukhala pansi kuti ligawane masiku, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndalama za Social Cash Transfer, zimene zinayamba kuyesedwa ku Kalomo mu 2003, zimaphatikizanso mabanja amene ali ndi wodwala matenda amgonagona wofuna chisamaliro cha palliative care, ndipo kwa banja lina kudziwa kolembetsera kumatsitsa mtima kuposa mawu ambiri.

Mpingo ndi asing'anga

Chipatala chimayankha funso lakuti matendawa abwera bwanji, koma wodwala amakhala ndi funso linanso: chifukwa chiyani ine, ndipo chifukwa chiyani tsopano? Funso limeneli amapita nalo kwa abusa, kwa ansembe, kwa shehe kapena kwa sing'anga, ndipo ku Lundazi ena amapita nalo ku ng'oma za vimbuza. Amene amayamikira njira zimenezi amati zimamupatsa wodwala tanthauzo, anthu omuzungulira ndi nthawi yomumvetsera imene namwino alibe, ndipo n'zoonadi kuti zipatala za mipingo monga St Francis ku Katete ndi Mwami pafupi ndi Chipata zasonyeza kwa zaka zambiri kuti pemphero ndi mankhwala zingathe kukhala pansi pa denga limodzi. Amene amazikayikira amaloza anthu amene anauzidwa kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, mabanja amene anatha chuma posaka wolodza, ndi nkhalamba zimene zinanamiziridwa ufiti. Aphungu amaphunzitsidwa kusalimbana ndi chikhulupiriro cha munthu, koma kumufunsa chimene iye akuona kuti chayambitsa matendawo, n'kugwirizana naye pa chinthu chimodzi, chakuti kulikonse kumene apite mankhwala asasiye.

Mafunso amene sanayankhidwe

Loyamba ndi lakuti wodwala aziuzidwa zochuluka bwanji. Maphunziro a zachipatala amati mwini matenda ndiye woyamba kudziwa, ndipo chinsinsi n'chake. Mwambo wa m'mabanja ambiri umati nkhani yolemera imayamba yafika kwa amalume kapena kwa mwana wamkulu, ndipo iwo amachonderera kuti, "Adokotala, musawauze amayi, angafe ndi maganizo." Mbali imodzi imati kubisa kumamulanda munthu mwayi wogawa munda, kukhululukirana ndi abale ndi kusankha kumene akufuna kugona masiku ake otsiriza, ndiponso kuti odwala ambiri amadziwa kale koma amakhala chete poteteza ana awo. Mbali inayo imati kwathu munthu sadwala yekha, ndipo choonadi choponyedwa mwankhaza m'chipinda cha anthu ambiri chimapweteka. Ena apeza njira yapakati yoyamba kumufunsa wodwalayo kuti akufuna kudziwa zotani ndipo akufuna akhale ndi yani, koma sizinakhazikike paliponse.

Lachiwiri ndi la ndalama. Aphungu ambiri a m'makiliniki a HIV akhala akulipidwa ndi thandizo lochokera kunja, makamaka la PEPFAR, ndondomeko yolimbana ndi Edzi imene America inayambitsa mu 2003, ndipo dzikolo litaimitsa thandizo lake la kunja mu Januwale 2025 zinaoneka poyera kuti ntchito yomvetsera odwala yaima pa maziko a eni ake. Ngati boma kapena inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA ingatenge udindowo, ndipo ngati aphungu amene anaphunzira za HIV angaphunzitsidwenso kuthandiza odwala shuga, khansa ndi impso, ndi nkhani imene ikufunika yankho. Yogwirizana nayo ndi yakuti wodzipereka wa m'mudzi angasenze mitolo ya anzake kwa zaka zingati popanda malipiro ndi popanda womumvetsera iyeyo.

Palinso funso la chinsinsi pamudzi pamene aliyense ndi wachibale, pakuti phungu wapafupi amamva chilankhulo ndi mwambo, koma mwina mlongo wake ndi mpongozi wa wodwalayo. Amuna safika kwambiri m'magulu olimbikitsana, ndipo sizikudziwika bwino ngati vuto ndi amunawo kapena ndi mmene magulu amakonzedwera. Uphungu wa pafoni ungafupikitse mtunda wa ku Lusaka, koma m'nyumba zambiri foni ndi imodzi ndipo imakhala m'thumba mwa bambo. Pomaliza pali funso la chilankhulo chenichenicho: mafunso 9 aja analembedwa m'Chingerezi kwa anthu a ku America, ndipo pakufunikabe kuona ngati mayi wa ku Chadiza amene akuti mtima ukuwawa ndiponso mutu ukutentha amapezeka nawo, kapena amadutsa m'mafunsowo osaoneka n'kubwerera kunyumba ndi panado.